Kakowa ndi Nsomba ya Dongo

Padangokhala. Vomerani kuti tili limodzi, ndipo ndikupatsani nthanoyi monga momwe inandifikira, osachotsapo kanthu, osathirapo mchere wanga.

Kutali uko, kuzilumba za ku Japani, kunali mayi wina woumba mbale, dzina lake Nkhanu. Mbale zake sizinali zodyeramo ayi. Eni dzikolo amamwera tiyi m'mbale zadongo zopanda chogwirira, zofumbata ndi manja awiri, ndipo mbale yabwino amaipatsa ulemu ngati munthu wamkulu.

Nkhanu anali ndi ng'anjo imodzi yaing'ono imene anamusiyira mayi ake, yogona chokwera chitunda ngati nsato yokhuta. Moto ankausonkha kumunsi, utsi nkumatulukira kumtunda. Mankhwala opaka mbale analibe. Phulusa la nkhuni za paini ndilo linkauluka m'ng'anjomo, nkugwera pa mbale, nkusungunuka ndi moto, mbale nkutuluka ina yofiira, ina yobiriwira, ina yoda mbali imodzi. Womukumbira dongo ndi kumuwazira nkhuni anali mlamu wake Mfuko, bambo wa maso ofooka koma pakamwa pakuthwa.

Dzikolo linali la Mfumu Nguluwe, ndipo mfumuyo inali ndi Nduna ya Tiyi, dzina lake Kakowa. Kakowa anapata udindowo zaka zitatu m'mbuyomo chifukwa analumbira pamaso pa mfumu kuti nsomba sidzalowanso pakamwa pake, pakuti pakamwa ponunkha nsomba sipangamve kukoma kwa tiyi. Ng'anjo iliyonse ikamatsekulidwa, Kakowa ankabwera ndi kanyundo, nkuswa mbale zosayenera. Koma lamulo linkati nyundo isanagwe, nduna izinena chilema cha mbaleyo ndi chimene chinabweretsa chilemacho, kuti woumba aphunzirepo. Lamulo lomwelo linkatinso ng'anjo ikakanidwa mbale zonse katatu kotsatizana, igwetsedwe, malowo atenge nduna.

Tsono pafupi ndi ng'anjo ya Nkhanu panali kadziwe kamene ankanyikamo dongo. M'kadziwemo munali nsomba.

Chaka china Nkhanu anakanda dongo lake mpaka linasalala ngati phala. Pokandapo ankaimba nyimbo ya mayi ake, yopempha moto kuti ulandire zimene manja apereka ndi kuchita nazo monga ufunira, ndipo Mfuko ankavomera ndi mawu aakulu, kunena kuti dongo siliiwala amene analigwira. Anaumba mbale pa gudumu lozunguza ndi phazi, zozungulira bwino, zofanana ngati mapasa. Zitauma anazilonga m'ng'anjo, anamata pakhomo, anaikapo mchere, mpunga ndi kachikho ka mowa wa mpunga monga mwa mwambo, nawomba m'manja. Moto unayaka masiku asanu. Anadikira masiku ena asanu ndi awiri kuti ng'anjo izizire.

Tsiku lotsekula Kakowa anafika, khosi m'mwamba, kanyundo m'lamba.

"Takulandirani, Nduna," anatero Nkhanu atawerama.

Kakowa ananyamula mbale yoyamba, naitembenuza kawiri, nayang'ana kunsi kwake.

"Chilema cha mbale iyi n'chakuti ilibe chilema," anatero. "Chabweretsa zimenezi ndi mantha a woumba. Mwasalaza, mwasalaza, mpaka moyo wonse kuthawamo. Iyi si mbale, ndi dzira."

Phwa! Anatenga yachiwiri. Dzira. Phwa! Yachitatu. Dzira. Anaswa zonse mpaka pabwalo panangoti mbwee mapale.

"Dzira lalakwa chiyani?" anang'ung'udza Mfuko. "Iwowo anatuluka m'chiyani?"

"Akuti bwanji awo?" anafunsa Kakowa.

"Akuti mwatiphunzitsa, Nduna," anayankha Nkhanu.

Nduna itapita, Nkhanu anati, "Alamu, munaona diso lawo?"

"Ine ndione diso la wina, langa lomwe likundikana?"

"Limodzi linali pa mbale. Linalo linali kudziwe."

Anayambanso. Anakanda dongo akuimba nyimbo ija yopempha moto, Mfuko akuvomera kuti dongo siliiwala amene analigwira. Ulendo uno mbale iliyonse ikachoka pa gudumu, Nkhanu ankaitsina pamlomo, kuikankha pamimba, kuti ipindike. Anamata ng'anjo, anaika mchere ndi mpunga, anasonkha moto masiku asanu, nadikira asanu ndi awiri.

Kakowa anafikanso ndi kanyundo kake. Ananyamula mbale, naitembenuza kawiri.

"Yapindika," anatero.

"Monga munafunira, Nduna."

"Ndicho chilema chake. Yapindika mwadala. Chabweretsa zimenezi ndi chala cha woumba chofuna kudzionetsa. Mbale yeniyeni imapindika mwini wake asakufuna, asakudziwa."

"Nanga ndifune bwanji chinthu chosafuna, Nduna?"

"Funso limenelo mukafunse mayi anu kumanda."

Phwa! Phwa! Phwa! Atamaliza sanapite msanga. Anayamba kuyenda pabwalopo akuyeza ndi miyendo yake yaitali.

"Ng'anjoyi ikadzachoka, kanyumba kanga komwera tiyi kadzakhala apa," anatero. "Khomo lake lidzayang'ana kudziwe. Madzi amathandiza munthu kusinkhasinkha."

Nthawi yomweyo nsomba inadumpha m'dziwemo. Kukhosi kwa Kakowa kunayenda, kukwera ndi kutsika, ngati wameza mwala. Nkhanu anaona zimenezo.

Tsiku limenelo Mfuko anakhala pa mulu wa mapale atagwira tsaya.

"Alamu, kwatsala kamodzi," anatero. "Yozungulira akana, yopindika akana. Mundilole ndikumbe dzenje panjira, agweremo."

"Ali ndi mapiko, alamu."

"Ndiye tithire tsabola m'tiyi wawo."

"Tsabola sasunga ng'anjo. Iwo anena kuti akufuna mbale yopindika mosafuna. Ine manja anga sangathe, chifukwa ndikudziwa chimene ndikufuna. Tipeze manja a wina."

"A yani?"

"Kakumbeni dongo loyera lija la pansi pa nsungwi. Pang'ono pokha."

Nkhanu anakandanso dongo. Anaimba nyimbo ija, koma ulendo uno ankaimba akumwetulira, ndipo pamene Mfuko anavomera kuti dongo siliiwala amene analigwira, Nkhanu anamuuza kuti abwerezenso kawiri. Anaumba mbale zambiri. Imodzi anaiumba yonenepa kunsi, naisiya yofewa. Ndi dongo loyera lija anaumba kansomba, kamamba, kamchira, kopindika thupi ngati kakufuna kuthawa. Anakapaka mafuta kuti kanyezimire, nakawaza madzi amene ananyikamo nsomba zouma, nakaika m'mbale yofewa ija. Kenako anatuma Mfuko kwa nduna.

"Nduna," anatero Mfuko atagwada, "alamu anga akuti iwo ndi mbuli. Akuti m'dziko lonse lino wodziwa mbale ndinu nokha. Akupempha kuti mubwere mawa m'mamawa, musanalawe kanthu, pamene maso ali akuthwa, mudzawaphunzitse mbale zisanalowe pamoto."

"Sizithandiza," anatero Kakowa, "koma wodziwa sabisa nzeru. Ndibwera."

Anabweradi, m'mimba mulibe kanthu. Nkhanu anamukhazika pamphasa nayamba mafunso. Kodi mlomo wa mbale uzikhala wochindikala bwanji? Kakowa anafotokoza. Nanga kunsi kwake? Anafotokoza. Nanga tiyi wa m'chisanu ndi wa m'chilimwe amafuna mbale imodzi? Anafotokoza, akudzimvera kukoma mawu ake omwe. Dzuwa linafika pamutu. Linapendeka. M'mimba mwa nduna munayamba kulira ngati achule a m'dambo.

"Kalanga ine!" anatero Nkhanu. "Takusungani ndi njala. Alamu, tiyeni tikathyole masamba, tiwaphikire a Nduna ndiwo zawo zamasamba. Nduna, lowani m'nyumba youmbiramo, muziona mbalezo muli nokha. Tichedwa pang'ono, dimba lili kutali."

Anatuluka, nakabisala kuseri kwa mulu wa nkhuni.

M'nyumbamo munali kamdima. Kakowa anayenda pakati pa mathandala a mbale akupukusa mutu. Kenako fungo linamupeza. Anaima. Anasuzumira m'mbale ina, ndipo pansi pake, m'timadzi pang'ono, munali kansomba konenepa, konyezimira.

Anayang'ana kukhomo. Palibe munthu. Anayang'ana pazenera. Palibe munthu.

"Kamodzi kokha," ananong'ona. "Kakang'ono chonchi si nsomba, ndi mwana wa nsomba."

Anakoka khosi, naponya mlomo ndi mphamvu ya njala ya zaka zitatu. Jo! Mlomo unaboola kansombako, nukazikika m'dongo la kunsi kwa mbale. Anakoka. Mbale inanyamuka limodzi ndi mlomo. Anapukusa mutu. Mbale inakakamira. Ndiye anaponda ndi phazi pamlomo wa mbaleyo, nakankha, nakankhanso, mpaka mlomo wake unatuluka, fwothu! Mbale inatsala yophwathalala mbali imodzi, ndipo pamene anapondapo panatsala zala zitatu zazitali.

Kunja Nkhanu anatsokomola.

Kakowa anatapanya kansombako msangamsanga kuti kasaoneke, anakankhira mbaleyo kumbuyo kwa zinzake, naima chilili ngati akusinkhasinkha. Mlomo wake unali utamatika ndi dongo.

"Mwaziona bwanji, Nduna?" anafunsa Nkhanu polowa.

"Mmm," anatero Kakowa.

"Zilipo zabwinoko?"

"Mmm."

"Mwamva, alamu? Nzeru zikakula, mawu amachepa. Mawa zokhotakhota zonse mukazitayire m'dzenje la dongo, ine ndilibe nthawi yoziyang'ana. Nduna, ndiwo zija zatsala pang'ono kupsa."

Kakowa anapukusa mutu, natuluka mothamanga. Anakaviika mlomo m'dziwe mpaka m'maso, nauluka osatsanzika. Mumtima ankati mbale ija ithera m'dzenje.

Mfuko anagubuduka pansi ndi phwete.

"Sekani pang'ono, alamu," anatero Nkhanu. "Moto sunanene mawu ake."

Mbaleyo Nkhanu sanaikhudze ndi chala. Itauma anaiika m'ng'anjo kutsogolo kwenikweni, pamene phulusa limagwa lambiri, pamene mbale zina zimang'aluka ndi ukali wa moto. Anamata khomo, anaika mchere, mpunga ndi mowa. Ulendo uno anagwada nthawi yaitali, pakuti ankadziwa kuti mbale ikang'aluka, nzeru zake zonse zathera pomwepo. Anaimba nyimbo yopempha moto ndi mawu otsika, Mfuko nkumavomera akuponya nkhuni. Masiku asanu. Kenako asanu ndi awiri.

Popeza ng'anjo sigwetsedwa mwini dziko palibe, tsiku lotsekula Mfumu Nguluwe nayonso inabwera, anyamata a makasu ali pambuyo. Inali mfumu yoseka msanga, yokonda tiyi koma yosadziwa za mbale. Chilichonse chimene Kakowa ankanena, iyo inkavomera.

Nkhanu anagumula khomo natulutsa mbale imodziimodzi. Kakowa anayamba ntchito yake. Iyi, dzira. Phwa! Iyi, yamwadala. Phwa! Anyamata aja anayamba kulavulira m'manja, kukonzekera makasu.

"Zatha?" anafunsa Kakowa.

"Yatsala imodzi, Nduna. Ndachita nayo manyazi. Alamu anga ndi maso awo aja anaiwala kuitaya."

Anaitulutsa atafumbata ndi manja awiri. Moto unali utaichitira chifundo. Mbali imodzi inali yofiira ngati chitsulo cha pamoto, ndipo phulusa losungunuka linayenderera m'mizere itatu ija, lobiriwira ngati madzi akuya, nkukadikha m'kabowo ka pansi.

"Haa!" inatero mfumu. "Bweretsani kuno." Inaifumbata, chala chake nkukhala bwino pophwathalala paja. "Koma iyi ikugwirika ngati dzanja la bwenzi. Nduna, mukuti bwanji?"

Kakowa anaizindikira. Nthenga za pakhosi zinaima. Anasolola kanyundo.

"Yoipa, Mfumu. Yoipitsitsa. Ndipatseni msanga."

"Pepani, Nduna," anatero Nkhanu mofatsa, "lamulo lija. Chilema ndi chimene chinachibweretsa, kuti ife mbuli tiphunzire."

"Yapindika mwadala! Mizere iyi ndi zala zanu."

"Mwina n'zoona. Ndiyese, Mfumu?"

Nkhanu anaika dzanja lake pamizerepo. Zala zake n'ziwiri zokha, zonenepa, ndipo mizere inali itatu, yaitali, yopyapyala.

"Sizikulowa," inatero mfumu.

"Ndiye ndi za mlamu wakeyo!"

Mfuko anaika chikhatho chake chofanana ndi khasu. Chinaphimba mizere yonse ndi theka la mbale. Mfumu inaseka mpaka kugwira nthiti.

"Masewera abwino awa! Nanenso ndiyese." Inaika chiboda chake. Sichinalowe. "Anyamata, bwerani nonse, aliyense ayese phazi. Timupeza mwini wake lero. Wina aliyense pabwalo pano!"

Anyamata anandanda. Woyamba, ayi. Wachiwiri, ayi. Mzere unkafupika, kulunjika kwa Kakowa. Pang'onopang'ono nduna inakweza phazi limodzi, nkulibisa m'nthenga za pamimba.

"Mwendo wavuta, Nduna?" anafunsa Nkhanu.

"Ndikusinkhasinkha."

"Sinkhasinkhani ndithu. Pomwepo mutiuzenso za kabowo ka pansika. Kakuoneka ngati kanalowa chinthu chosongoka, chachitali, chothamanga kwambiri. Ife pano tilibe chida chotere."

Mfumu inasuzumira m'mbalemo. "Ndipo pali kanthu kotapanyika apa. Kakukhala ngati nsomba."

"Tsamba, Mfumu!" anakuwa Kakowa.

"Tsamba la mchira?"

"Tsamba la tiyi. Amatero masamba a tiyi akakhwima."

Mnyamata womaliza anachotsa phazi lake. Onse anatembenukira kwa nduna. Kakowa anayang'ana mbale, anayang'ana mfumu imene analumbira pamaso pake, anayang'ana Nkhanu. Nkhanu anali atawerama mwaulemu, koma maso ake, poti ali pa timitengo, ankayang'ana m'mwamba, pa phazi lobisika lija.

Kanyundo kanagwa pansi.

"Mfumu," anatero Kakowa, "ndimafuna kuyesa maso a anthu anu. Yeniyeni ndi imeneyi. Mizere iyi si ya munthu aliyense, ndipo kufunafuna mwini wake n'kunyoza mbale. Inapindika woumba asakufuna, ndipo... ndipo woipinda asakufunanso. Zaka zonse ndakhala ndikuswa mbale, ndimafuna iyi."

"Ndiye siiswedwa?" anafunsa Nkhanu.

"Siiswedwa."

"Nanga ng'anjo, Nduna? Munene mokweza, alamu anga makutu nawonso ayamba kuvuta."

"Ng'anjo ikhale!"

"Ikhale!" inatero mfumu. "Anyamata, makasuwo kakumbireni mayiwa dongo, musabwerere chabe. Ndipo mbale iyi ndatenga ine. Nduna, kuyambira lero tiyi wanga muzindipangira m'menemu tsiku ndi tsiku. Muziitembenuza kawiri monga mwa mwambo, ndipo mlendo aliyense akabwera muzimufotokozera za tsamba lija."

Kakowa anawerama, akadali pa mwendo umodzi, mpaka anatsala pang'ono kugwa.

Alendo atapita, Mfuko anati, "Alamu, bwanji simunawaulule? Akanawachotsa udindo lero lomwe."

"Akanabwera wina amene sindidziwa chimene amameza mate akachiona," anayankha Nkhanu. "Awa ndikuwadziwa. Komanso anandiumbira mbale yabwino. Tolani mapalewo, mawa tikanda dongo."

M'mawa mwake nyimbo ija inamvekanso pang'anjopo, yopempha moto, ndipo Mfuko povomera kuti dongo siliiwala amene analigwira, anakweza mawu kuti akamveke mpaka kwa mfumu. Kakowa sanaswenso mbale ya Nkhanu. Akabwera potsekula ng'anjo ankaima kutali ndi dziwe, nkuyamikira zonse, zozungulira ndi zopindika zomwe.

Mpaka lero mukapeza kakowa m'mbali mwa madzi, mudzamuona ataima ndi mwendo umodzi, winawo ataubisa m'nthenga. Musamufunse chifukwa. Nkhanu sanamuulule, nafenso timusungire.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula. Mulungu asunge manja onse ogwira dongo, ndi moto wawo usazime.